Zimene a Zakariya Adabisa m'Dzala la Komputadolo

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditagona, mutu uno ndi wa zaka zimene ndidagwira ntchito ya ulembi. Za ubwana wanga ndi za kuthawa nkhondo ndidalemba kale, sindibwereza. Mumandidziwa kuti ndine munthu wosavomera msanga kuti ndalakwa, bambo anu adatopa nazo mpaka kumanda. Koma pano pali cholakwa changa chimodzi, ndipo ndichinena chonse, osasiyako.

Chaka choyamba titabwerera

Tidadutsa malire pa Cassacatiza, kuchokera ku Zambia, tili pa lole, ine, bambo anu ndi ana awiri oyamba, katundu wathu yense atakwana m'matumba atatu. Patangopita miyezi itatu ndidapeza ntchito pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Nsadzo. Sikuti ndidali wophunzira kuposa anzanga, ayi. Ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia ndidaphunzira kutayipa, ndipo m'dera lonselo munthu wodziwa kuika zala khumi pa makina ndidali ndekha. Sukuluyo idali makoma okhaokha, malata adasasulidwa kalekale. Makina otayipira adali akale kuposa ine, ndipo chilembo cha "e" chinkakanirira mpaka uchikoke ndi chikhadabo. Riboni ikauma ndinkaidonthezera mafuta a makina osokera kuti ilembenso sabata ina. Kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka dzuwa kumaonekera mkati mwake. Mapepala kudalibe, ndiye maina a ana asukulu ndinkawatayipa kuseri kwa mapepala akale ogawira chakudya.

A Diretolo, mkulu wa sukuluyo, adali munthu wamfupi wokonda kukuwa. Iwo sadathawe nkhondo, ndipo ife obwerera ankationa ngati alendo. Tsiku lina adapeza zolakwika zitatu m'kalata yanga.

"Dona Luziya, Chipwitikizi chanu chidatsalira pa malire kodi?"

"Chidatsalira pamodzi ndi mbuzi zanga, a Diretolo. Mukandibwezera mbuzizo, nachonso chibwera."

Adaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ankandibwereka mabuku awo, ndipo Chipwitikizi changa chidabwereradi. Ndidakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri, tikukangana pafupifupi tsiku lililonse.

Chaka chachisanu ndi chitatu mpaka chakhumi ndi chiwiri

Kenako adandisamutsira ku ofesi ya parokia, kufupi ndi ku boma ku Chifunde. Kumeneko ntchito idali ya maina: obatizidwa, okwatitsa, omwalira. Mabuku ambiri akale adapsa pa nkhondo, ndiye anthu ankabwera ndi timakadi taubatizo ta ku Malawi ndi ku Zambia, tina titanyowa mpaka dzina osaoneka, ndipo ine ndinkalemba zonse mwatsopano.

M'chaka chakhumi ndi chiwiri a Padiri atsopano, munthu wachangu amene sankatha kukhala pampando mpaka tiyi azizire, adabwera ndi komputadolo, ija ena amati kompyuta, kuchokera ku Tete. Idali yogwirapo kale ntchito kwina, chibokosi chotuwa cholira ngati njuchi. Magetsi tidalibe, tinkadalira sola wa padenga ndi mabatire awiri, kotero kukachita mitambo masiku atatu ntchito inkaima. Ine ndidaiopa, ndisaname. Sabata yoyamba ndinkamenya mabatani ngati ndikumenya makina anga akale, mpaka a Padiri adati, "Dona Luziya, sichidakulakwireni chinthucho."

Amene adandichotsa mantha ndi mlamu wanga a Gervazio, mng'ono wa bambo anu. Iwo ankalembera madalaivala a malole mapepala a pa malire ku Cassacatiza, ndipo adali ndi komputadolo yawoyawo yolumikizika ku intaneti. Adabwera kudzagona kwathu masiku anayi n'kundiphunzitsa kuisamala. Adati komputadolo sifa ndi ukalamba, imafa ndi fumbi, ndi matenda obwera ndi alendo, ndi kudzaza. Fumbi tinkalipopa ndi pompi ya njinga. Matenda, amene amati virusi, ankabwera ndi timafulashi, tija anthu amasungiramo zolemba zawo n'kumayenda nato m'thumba. Aphunzitsi onse a m'deralo ankabwera ndi tawo kudzapempha kusindikiza mayeso, ndipo kalikonse kadali ndi nthenda yake. Nthenda ina inkabisa zolemba zonse n'kusiya zithunzi zake zokha, ukadina osatseguka kanthu. Padali pulogalama yofufuza ndi kupha matendawo, koma nayo inkafuna kuuzidwa maina a matenda atsopano mwezi ndi mwezi, ndipo ife intaneti tidalibe. Ndiye a Gervazio ankanditumizira zatsopanozo pa fulashi, kudzera mwa wa njinga yamoto aliyense wobwera kuno.

Lachisanu lililonse masana ndinkatseka chitseko cha ofesi. Ndinkayamba ndi pulogalama yopha matenda, kenako yofufuza ngati disiko, mbale yamkati imene imasunga zonse, ili ndi malo owonongeka. Pomaliza ndinkatsegula ina yosanja zinthu m'disikomo, imene inkaonetsa timabokosi tofiira ndi tobiriwira tikusuntha pang'onopang'ono mpaka titafola bwino. Imeneyi ndinkaikonda kwambiri, ndinkatha kuiyang'ana ola lathunthu ngati munthu woonera nkhuku zake zikulowa m'khola. Mphunzitsi akagogoda ndi fulashi yake ndinkamuuza kuti, "Mlendo asambe m'manja kaye," ndipo fulashiyo inkafufuzidwa isanatsegulidwe, kaya mwini wake akwiye. Ankanditcha Mai Alfandega, kutanthauza wa kasitomu wa pa malire. Ndinkanyadira dzinalo. Makomputadolo a m'maofesi ena ankafa chaka chisanathe, yathu inkangolirabe, ndipo ndidayamba kudziona ngati munthu wosalakwa.

Buku la a Zakariya

Munthu wina yekha amene ndinkamulola kukhala pa komputadolo ndi a Zakariya, katekista wamkulu wa parokia. Adali wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo ankatayipa ndi chala chimodzi lilime lili panja. Iwo adali ndi ntchito imene palibe adawatuma. Pa nthawi yothawa, anthu ambiri adafera m'njira, m'tchire, ndipo adaikidwa mofulumira ndi aliyense amene adali pafupi. Mtendere utabwera, a Zakariya ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi kufunsa okalamba kuti, kodi uje mudamuika pati, adafa bwanji, adalipo ndani. Ankalemba m'makope a ana asukulu. Chaka china chiswe chidalowa m'bokosi lawo n'kudya makope awiri, ndiye adachita mantha, nayamba kusamutsira zonse m'komputadolo. Adatayipa zaka ziwiri. Atamaliza, makope otsalawo, amene adali atabooka kale, adawatentha.

Sadasindikize pa pepala. Inki ya makina osindikizira inkabwera kawiri pa chaka ndipo a Padiri ankaisunga ngati mankhwala. Koma padalinso chifukwa china. M'bukumo mudali maina a anthu amene adalozera anzawo kwa asilikali, ndipo ena mwa iwo tinkakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi. A Zakariya ankati, "Izi n'zoti mwana apeze manda a bambo wake, osati apeze mdani." Munthu akabwera, ankamuwerengera za manda zokha. Ine ndinkadziwa kuti bukulo lilipo, koma kumene ankalisunga m'komputadolomo sindidafunsepo.

Mwa anthu amene ankayembekezera bukulo mudali a Nambewe, mayi wamasiye wa m'kwaya yathu. Amuna awo adafa ndi malungo pa ulendo wothawa, iwo ali patsogolo ndi ana, ndipo amene adawaika adali mkulu wina wosaka nyama. Mkuluyo adafotokozera a Zakariya malo ake bwinobwino, kenako naye adamwalira. A Nambewe sakadatha kupitako msanga chifukwa njira ya kumeneko idali ndi mabomba okwirira. Chaka chimene ndikunenachi njirayo idali itayeretsedwa, ndipo ana awo aamuna adagwirizana kuti akakolola apite ndi simenti akamange chiliza. Mau a mkulu wosaka uja sadali kwina kulikonse padziko, koma m'chibokosi chotuwa chimene ine ndinkasamala.

Chaka chakhumi ndi chinayi, mwezi wokolola

Kudatsala masabata awiri kuti Ambuye Episkopi abwere kudzapereka sakramenti la Ulimbitso, ndipo komputadolo idayamba ulesi. Ukadina chinthu unkatha kupita kukamwa madzi n'kubwera chisanatseguke. Idalemba kuti disiko yatsala pang'ono kudzaza. Pa fulashi ya mwezi umenewo a Gervazio adandiikira pulogalama yatsopano yosesa, yochotsa zinyalala zimene komputadolo imadziunjikira yokha. Lolemba masana ndidaitsegula. Idaonetsa mndandanda wa malo oti isese, onse atachongedwa kale, ndipo pakati pawo padali kadengu ka zotaya.

Inu a masiku ano mukukadziwa kadengu kameneka. Ukafufuta chinthu sichipita kutali, chimagwera m'menemo, ndipo ukhoza kuchitolanso. Ife pa ofesi tinkakatcha dzala. M'zaka zonsezo ndidali ndisanakhuthulepo dzalalo, sikuti ndi nzeru, kungoti sindinkaliganizira. Tsiku limenelo pulogalama idandifunsa kuti, mukutsimikiza? Ndidadina kuti inde, ndisanasuzumiremo n'komwe. Safunsa adadya phula. Komputadolo idapepukadi, ndipo ndidapita kunyumba ndikuimba. Mwayi wokha ndi wakuti kudali mitambo, batire lidatsika, ndiye sindidatsegule pulogalama yosanja ija. Ikadayenda imeneyo, nkhani ino bwenzi ikuthera pomwepa.

Lachiwiri m'mawa a Zakariya adakhala pa komputadolo. Ndidaona chala chawo chaima m'malere.

"Mai Luziya, m'dzala muno mwapita ndani?"

"Bwanji a Katekista?"

"Buku langa limakhala m'menemu."

"M'dzala? Aa! Buku la zaka ziwiri mukulisunga m'dzala?"

Adandiyang'ana ngati ndine amene ndikufunsa zopusa. Adati aphunzitsi aja akabwera amatsegula paliponse pamene ine ndatembenuka, koma palibe munthu amene amafukula dzala la mwini. Adati pa nkhondo mchere, mbewu ndi makadi a ubatizo ankazikwirira pansi pa dzala, chifukwa msilikali ankagwetsa nkhokwe, kung'amba denga, kukumba pansi pa mphasa, koma pa zinyalala ankangodutsa atagwira mphuno. Ndiye iwo akafuna kulemba ankalitola bukulo m'kadengu, akamaliza n'kulitayanso momwemo. Zaka ziwiri zonse ankachita zimenezi ine ndili pa tebulo la pambali.

Apa ndi pamene ndidalakwa kwenikweni, ana anga, osati Lolemba lija. Ndidatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Mwina ndi virusi, a Katekista. Matendawa sasankha." Iwo adangogwedeza mutu, natenga chipewa chawo, natuluka. Sadakalipe. Ndidawaona pa windo akukankha njinga osaikwera.

Chomvetsa manyazi n'chakuti ndinkadziwa choyenera kuchita. A Gervazio adandiphunzitsa masiku oyamba aja kuti chinthu chofufutidwa chili ngati munda umene mwini wake wathawa. Mizere ilipo, mbewu zilipo, chachoka ndi dzina lokha la mwini. Koma wina akabwera n'kulimapo zake, basi, zakale zatha. Ife obwerera tinkazidziwa bwino zimenezo. Choyenera chidali kuzimitsa komputadolo nthawi yomweyo kuti isalembenso kanthu. Koma kuzimitsa kukadafuna kuti ndifotokoze chifukwa, ndipo Mai Alfandega akadaoneka kuti ndi amene walowetsa mbala. Ndidakhala chete. Tsiku lonse ndidatayipa maina a olandira Ulimbitso n'kumasunga. Madzulo a Padiri adabwera ndi kamera yawo kudzathira zithunzi za denga latsopano la tchalitchi, zithunzi zambirimbiri zolemera, ndipo ine ndidawasunthira mpando.

Lachitatu m'mawa kudabwera a Nambewe, atanyamula nsawawa m'kambale kuti apatse a Zakariya. Adakhala pa benchi la pakhonde, zenera langa lili lotsegula.

"A Katekista, anyamata agula simenti. Ndati mundilembere pa pepala malo aja, ndisadzaiwale m'njira."

A Zakariya adati, "Mayi, makina adwala. Mau aja sakuoneka."

"Koma inu mukukumbukira?"

"Ndidalemba za anthu ambiri, mayi. Ndikukumbukira kuti padali mtengo ndi madzi. Ndikanena zambiri ndikunamizani."

A Nambewe sadalire. Adangoti, "Chabwino, nsawawazi landiranibe," ndipo ndidamva kambale kakugunda pa benchi. Ine mkatimo ndidasiya kutayipa. Ndidadzida, ndikuuzeni zoona, ndidadzida kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ndidazimitsa komputadolo, ndidazula chingwe chake n'kuchiika m'chikwama changa, ndipo ndidatuluka pakhonde.

"Si virusi ayi. Ndine. Ndidakhuthula dzala Lolemba osayang'anamo, ndipo dzulo ndidakunamizani."

Ndidanena mofulumira kuti ndisabwerere m'mbuyo. A Zakariya adavula chipewa n'kuchivalanso. A Nambewe sadamve bwino za dzala ndi virusi, adangomva kuti wolakwa ndi ine, ndipo adandiyang'ana kuyambira kumapazi.

A Padiri ndiwo adalusa. Sadalusire bukulo kwenikweni, adalusira chingwe.

"Ambuye Episkopi akubwera, maina sadathe, ziphaso sizidasindikizidwe, inu mukuti makina asayake? Mpaka liti?"

"Mpaka nditabwera kuchokera ku Cassacatiza."

"Dona Luziya, bweretsani chingwecho. Ndikulamula."

"Mundichotse ntchito, a Padiri, koma chingwe sindipereka. Maina anu ndiwatayipa pa makina akale, ngakhale zala zithyoke. Amoyo akhoza kudikira chiphaso. Uyu wagona m'tchire alibe wina womulozera."

Adatuluka akumenyetsa chitseko. Patapita ola adabwerera n'kuika makiyi a njinga yamoto ya parokia pa tebulo langa, osandiyang'ana, nati mlonda andiperekeze.

Ulendo wa ku malire, ndi Loweruka lake

A Gervazio atamva nkhaniyo adagwira mutu. "Mlamu, mwaigwiritsa ntchito tsiku lathunthu? Ndi zithunzi zomwe? Ha, inuyo!" Sadathe kusiya ntchito yawo chifukwa malole adali atafola, ndiye adandiikira pa fulashi pulogalama yofukula zofufutidwa n'kundiuza malamulo awiri. Ndisaiike m'komputadolo, ndiiyendetse ili pa fulashi pomwepo. Chilichonse chimene ndapeza ndisachisungire m'disiko momwemo, ndichisungire pa fulashi ina. Adandibwerezetsa katatu ngati mwana wa katekisimu, ndipo ine amene sindilola kuphunzitsidwa kawiri ndidabwereza mofatsa.

Loweruka kudacha bwino, batire lidadzaza. A Zakariya adakhala pambali panga manja ali pa maondo. Pulogalamayo idayenda maola awiri, kamzere kobiriwira kakukwawa ngati birimankhwe. Kenako idatulutsa mndandanda wautali wa zinthu zonse zimene zidafufutidwapo, makalata akale, mayeso a aphunzitsi, ndi zina zimene sindidziwa adaikamo ndani. Pambali pa chilichonse padali kadontho. Kobiriwira kankatanthauza kuti chinthucho chili bwino, kachikasu kuti chalimidwapo pang'ono, kofiira kuti chatha.

"Mudalitcha dzina lanji bukulo?"

"Nyimbo za Lenti," adayankha mwamanyazi. "Palibe amene amatsegula nyimbo za Lenti."

Ndikadaseka tsiku lina. Tidalipeza pafupi ndi kumapeto, ndipo kadontho kake kadali kachikasu. Ndidalisungira pa fulashi ina monga adandiuzira, n'kulitsegula. Maina adatuluka, tsamba ndi tsamba. A Zakariya adayamba kuwerenga motsitsa, chala chili pa galasi, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndidayamba kupuma. Koma pakati pa bukulo padali malo atatu pamene mau adasanduka timabokosi ndi zizindikiro zopanda tanthauzo. Pamenepo ndi pamene zithunzi za denga ndi maina anga a Lachiwiri zidalima. Malo awiri adali a anthu amene abale awo adapita kale kukaona manda. Achitatu adali a amuna a a Nambewe.

Ndikukumbukira mau a mkulu wosaka uja mpaka lero. Adati: "Tidamuika pafupi ndi mkuyu waukulu, pamene kamtsinje kakumana ndi njira yakale ya ng'ombe. Mukaima pa tsinde n'kuyang'ana ku" ndipo kuchokera apo timabokosi tokhatokha mizere iwiri. Ndidayesanso kufukula kachiwiri ndi njira yozama imene idatenga tsiku lonse la Lolemba. Idatulutsa zomwezo.

Maina a Ulimbitso ndidawatayipa pa makina akale ndi kaboni, ndipo Ambuye Episkopi sadadziwe kanthu. A Padiri, mkwiyo utatha, adatulutsa inki imene ankabisa, tidasindikiza buku lonse n'kulitsekera m'bokosi lachitsulo la mu sakristia, chipinda chosungira ziwiya za tchalitchi. Ndidasunganso pa mafulashi awiri. Kuyambira pamenepo pulogalama iliyonse ikandifunsa kuti mukutsimikiza, ndinkayamba ndaitana aliyense wogwira komputadoloyo n'kumufunsa kuti, pali chimene mwabisa? A Zakariya adandikhululukira msanga, adati nawonso adali ndi mbali yawo. Koma kukhululuka kwawo sikudabweze mizere iwiri ija.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Udzu utapsa, a Nambewe ndi ana awo awiri adanyamuka, ndipo ine ndidapempha kupita nawo. Sadavomere, sadakane. Tidayenda pa njinga tsiku limodzi, kenako wapansi, anyamata atasenza simenti. Kamtsinje tidakapeza katauma. Njira ya ng'ombe idali itamera mitengo koma inkaonekabe. Mkuyu udalipo, waukulu zedi, mthunzi wake wokwana bwalo la sukulu. Tidazungulira mpaka dzuwa kupendeka, kufunafuna kachulu kapena miyala yoikidwa ndi munthu. Zaka zonsezo mvula idali itasalaza ponse. Kum'mawa, kumadzulo, kumtunda, kumunsi, ponse padali pofanana.

A Nambewe adakhala pa muzu n'kundiitana.

"Mai Luziya, a Katekista adandiuza kuti mudakhala chete tsiku limodzi. Mukadanena tsiku lomwelo, mau aja akadapezeka?"

Ndikadatha kunena kuti sindikudziwa, ndipo sikukadakhala kunama kwenikweni. Koma ndidali nditatopa ndi mau otere.

"Ndikuganiza kuti akadapezeka, mayi."

Adatola kamtengo n'kukathyola tizidutswa. Mwana wawo wamkulu adafunsa kuti simenti aithire pati. Iwo adati, "Paliponse ayi. Mukamanga kum'mawa bambo anu ali kumadzulo, ndiye kuti tawasiyanso kachiwiri." Kenako adaimirira, natenga makasu amene tidabwera nawo, nagawa. Mwana wamkulu adampatsa kum'mawa, wamng'ono kumtunda, iwo adatenga kumunsi. Khasu lachinayi adandiponyera pamapazi.

"Inu lambulani uko. Poti sitidziwa pamene agona, tilambula ponse."

Tidalambula mthunzi wonse wa mkuyuwo mpaka kudayera, tidapemphera, ndipo simenti tidabwerera nayo. Pobwerera sadandilankhule. Chaka chotsatira, udzu utapsa, adatuma mdzukulu wawo kudzandiuza tsiku lonyamuka, ndipo ndidapita. Zidatero chaka ndi chaka. Tidayamba kucheza m'njira chaka chachitatu, ndipo pofika chachisanu ankandisungira mbatata yootcha. Mau akuti ndakukhululukirani sadawanenepo, inenso sindidawapemphe.

Ndidapuma ntchito komputadolo ija ikadali yamoyo. A Zakariya adatisiya, a Nambewe nawonso adagona, adaikidwa kumudzi kwawo. Ana awo akupitabe ku mkuyu kuja chilimwe chilichonse. Ine chaka chatha maondo adandikaniza pa kamtsinje, adachita kundinyamula pobwerera, ndipo ndikudziwa kuti sindidzafikakonso. Sindikusiyirani chuma, mukudziwa, koma ichi ndikusiyirani. Udzu ukapsa, mmodzi wa inu apite kwa ana a a Nambewe akafunse tsiku. Mbali ya kumadzulo ndi yathu. Mutenge khasu lanu, ndipo mulambule mpaka pamene mthunzi wathera.